Chokoleti si mankhwala a BP, anzanga

 Ndakhala chete masabata angapo chifukwa chochonga mayeso a kumapeto kwa teremu. Lero ndabwera wokwiya pang'ono, ndiye mundikhululukiretu ngati mawu ena akulasani.

Nkhani yake ndi uthenga uja unazungulira pa gulu lathu la WhatsApp la aphunzitsi, kenako n'kudumphira pa gulu la amene anaphunzira pasukulu pathu. Mukuukumbukira. Unkati chokoleti chakuda chimatsitsa BP, chimateteza ku matenda a shuga ndiponso chimanola ubongo. Unkati cha mkaka ndi poizoni, choyera n'chachinyengo. Pansi pake panalembedwa kuti madokotala a kunja atsimikiza, koma osatchula dokotala ngakhale mmodzi. Anthu a madipuloma ndi madigiri, amene timadula ana malikisi akapanda kusonyeza njira ya samu, tinautumiza kwa abale athu osafunsa funso n'limodzi lomwe.

Ndikanangoseka n'kuzisiya. Koma mphunzitsi mnzathu wina wachikulire, amene dzina lake sinditchula, wakhala akumwa mapilitsi a BP kwa zaka zingapo. Mwana wake ali ku Joni anawerenga uthengawo, ndipo mwa chikondi anatumiza katoni kakang'ono ka chokoleti chakuda pa basi. Bamboyo anaika mapilitsi m'dirowa n'kuyamba kudya kachidutswa m'mawa ndi madzulo, ngati mmene timamwera mankhwala. Tsiku lake la ku kiliniki anajomba. Patapita masabata atatu anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire ali pa bolodi. Titapita nawo kuchipatala manambala anali atakwera moti anawagoneka kaye pabedi. Ali bwino tsopano, ndipo andilola kuti ndilembe izi. Mawu awo anali akuti, "Lembani achimwene, mwina wina apulumuka." N'chifukwa chake ndalemba.

Mmene tinalawira mu staff room

Ine ndimaphunzitsa Bayoloje, ndiye sindikonda kutsutsa chinthu chimene sindinachigwire. Nditapita ku Blantyre kumapeto kwa mwezi ndinalowa m'shopu yaikulu n'kugula mitundu yonse itatu: chakuda cholembedwa 70%, cha mkaka, ndi choyera. Ndalama imene ndinalipira ikanagula ndiwo za masiku angapo, ndipo mayi a kunyumba sanandisekerere. Pofika pa Zalewa, ndi kutentha kuja, zonse zinali zitafewa m'chikwama. Izi zokha ndi phunziro: mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu, kumene ndi 37. N'chifukwa chake chokoleti chenicheni chimasungunuka chokha pa lilime. Nditakwera kuno kumtunda kozizira zinaumanso, ngakhale maonekedwe anali atapita.

Lolemba pa buleki ndinadula tizidutswa n'kuika pa mbale zitatu. Cha mkaka chinatha choyamba, anthu akunyambita zala. N'chofewa, chotsekemera, fungo la koko likumveka chapatali. Choyera anthu anagawanika nacho. Madamu wina anati chikukoma ngati kondesi, wina anati chikutsekemera mpaka kuliza mano. Chakuda ndiye chinabweretsa phokoso. Mnzathu wa Masamu, amene anali woyamba kutumiza uthenga uja, anatafuna kamodzi n'kuthamangira pa windo. Akuti chikuwawa ngati kwinini. Wina anati chili ngati khofi woiwala kuthira shuga. Ine ndinaika kachidutswa pa lilime osatafuna, n'kudikira. Kuwawa kukadutsa kumabwera kakomedwe kena, ngati mtedza wokazinga wopsererako pang'ono, ndi kowawasa kofanana ndi chipatso. Ndinachikonda, koma sindinganame kuti ndinachikonda msanga.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti atangolavula, mnzathu uja anati, "Mwaonatu, chowawa chonchi ndiye mankhwala enieni." Apa ndi pamene pagona vuto. Tinakula tikumwa mizu yowawa ndi kwinini, ndiye mumtima timakhulupirira kuti chilichonse chowawa chimachiza. Ndulu ya ng'ona imawawanso, koma palibe amene amapatsa mwana wake.

Muli chiyani m'mitundu itatuyi

Zonse zimachokera ku mtengo wa koko, umene kwawo kwenikweni ndi ku South America. Carl Linnaeus, yemwe uja timaphunzitsa pa mutu wa kagawidwe ka zamoyo, anaupatsa dzina loti Theobroma cacao mu 1753, ndipo mawu oyambawo amatanthauza chakudya cha milungu. Chipatso chake amachiswa n'kuchotsa njere, amazivundika masiku angapo kuti zisase, amaziyanika, amazikazinga n'kuzipera mpaka zikhale phala lakuda. Pafupifupi theka la phala limeneli ndi mafuta. Mu 1828 banja la Van Houten ku Netherlands linapeza njira yofinyira phalalo kuti mafuta apite pawokha, ufa utsale pawokha. Kuchokera apo kampani ya Fry ku Bristol inaumba chokoleti chodya cholimba mu 1847, Daniel Peter wa ku Switzerland anawonjezamo mkaka mu 1875, ndipo choyera chinafala ndi kampani ya Nestlé m'zaka za m'ma 1930.

Tsono kusiyana kwake n'kosavuta. Chakuda ndi phala la koko, mafuta a koko ndi shuga. Cha mkaka ndi zomwezo, koma koko wachepa, mkaka wa ufa ndi shuga zachuluka. Choyera mulibe ufa wakuda uja ngakhale pang'ono: ndi mafuta a koko, mkaka ndi shuga basi. Lamulo la mayiko a European Union la mu 2000 limati chinthu chisatchedwe chokoleti ngati koko sakufika 35 pa 100, cha mkaka 25 pa 100, ndipo choyera chikhale ndi mafuta a koko osachepera 20 pa 100. Onani bwino nambala yoyambayo. Chinthu chikhoza kukhala chakuda bii, pa pepala n'kulembedwa kuti dark, koma theka lake ali shuga. Mtundu wa pepala si umboni. Umboni ndi nambala ya peresenti ndi mndandanda wa zimene zilimo, ndipo chimene chalembedwa poyamba pa mndandandawo ndicho chachuluka.

Ndiye pali zina zimene ana athu amagula pa grosale ndi pa geti la sukulu, za mapepala owala. Zambiri mwa izo mulibe mafuta a koko. Amaikamo mafuta a zomera zina monga kanjedza, shuga wambiri ndi kaufa ka koko kongopaka mtundu. Mudzazidziwa chifukwa sizisungunuka msanga ngakhale pa Zalewa, ndipo zimasiya phula kukamwa. Zimenezo uthenga uja sunazitchule, chonsecho ndi zimene anthu ambiri kuno amazitcha chokoleti.

Tiwerenge masupuni

Aphunzitsi a Masamu, tsegulani makope. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula shuga pafupifupi magalamu 4. Magalamu 100 a chokoleti cha mkaka amakhala ndi shuga wopitirira pang'ono magalamu 50, ndiwo masupuni 13 kapena kuposerapo. Choyera chimafika magalamu 55 mpaka pafupi 60, masupuni 14 kapena 15. Chakuda cha 70% chimakhala ndi magalamu pafupifupi 30, masupuni 7. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asafike 10 pa 100 ya mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu zimenezi ndi magalamu pafupifupi 50, ndipo linati n'kwabwino koposa kutsikira pa 25.

Choncho pa shuga chakuda chapambana, sindikutsutsa. Koma malo amene shuga wachoka mwalowa mafuta. Mitundu yonse itatu imapitirira makalori 500 pa magalamu 100, ndipo kawirikawiri chakuda ndicho chimakhala pamwamba chifukwa cha mafutawo. Munthu amene akufuna kuchepetsa thupi n'kumadya chakuda tsiku ndi tsiku akudzinamiza yekha. Chakuda chilinso ndi caffeine ndi theobromine wambiri kuposa zinazo, ndiye ena chimawasowetsa tulo akadya usiku. Theobromine yemweyo amapha agalu, choncho musaponyere galu wanu.

Chimene chili choona

Bodza labwino limakhala ndi kachoonadi m'kati, apo ayi silingayende mtunda wautali. M'njere za koko muli tinthu totchedwa flavanols, timene timathandiza mitsempha ya magazi kumasuka. Timakhala mu ufa wakuda uja, choncho chakuda chili nato tambiri, cha mkaka tochepa, choyera pafupifupi mulibe. Koma tinthu timeneti timawawa, ndipo opanga amatichepetsa akamavundika, akamakazinga, makamaka akathira mankhwala ochotsa kuwawasa. Nambala ya 70% ikukuuzani kuchuluka kwa koko, osati kwa flavanols. Kuchuluka kwa flavanols sikulembedwa pa mapepala amene ndinagula.

Nanga BP imatsika? Mu 2017 gulu la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kumuyeza pamodzi, linapeza kuti koko amatsitsa BP ndi manambala pafupifupi 2, ndipo kafukufuku wambiri anali wa masabata ochepa chabe. Manambala awiri, anzanga! Munthu amene BP yake ili pa 170 atsike kufika 168, mukuti wachira? Kusiya kuthira mchere wa patebulo ndi kuyenda wapansi tsiku lililonse kungamuthandize kuposa pamenepo, ndipo n'kwaulere.

Kafukufuku wamkulu pa nkhaniyi ndi wotchedwa COSMOS, wa chipatala cha Brigham and Women's ku Boston, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anthu achikulire 21,442 anagawidwa mwa maere. Ena ankamwa mamiligalamu 500 a flavanols pa tsiku, ena ankamwa makapusozi opanda kanthu, kwa zaka zoposa zitatu. Pa funso lalikulu limene ofufuzawo anadziikira, loti matenda onse a mtima ndi mitsempha achepa kapena ayi, kusiyana kunali kochepa moti sakanatsimikiza kuti sikunangochitika mwamwayi. Imfa zobwera ndi matenda a mtima zinachepa ndi 27 pa 100, ndipo zimenezi n'zolimbikitsa, koma linali funso lachiwiri lofunika kulifufuzanso. Ndipo gwirani mfundo iyi: anthuwo sankadya chokoleti. Ankameza makapusozi opanda shuga ndi mafuta. Dziwaninso kuti kampani ya Mars, yopanga chokoleti, inathandiza nawo kafukufukuyu. Sindikuti ananama, koma wophunzira wabwino amafunsa kuti walipira ndani.

Za matenda a shuga zinachokera ku kafukufuku wa ku Harvard amene anatuluka m'magazini ya BMJ mu December 2024. Anatsatira anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala ku America kwa zaka zambiri, n'kupeza kuti amene ankadya chakuda kasanu kapena kuposa pa sabata ankadwala shuga wa mtundu wachiwiri mocheperako ndi 21 pa 100. Odya cha mkaka sanapindule chimodzimodzi, ndipo ankanenepa. Koma apa palibe amene anagawidwa mwa maere. Anthuwo ankangonena okha zimene amadya. Kodi wodya chokoleti chakuda ku America ndi munthu wotani? Mwina ndi yemweyo amene amasamala kale za thupi lake m'njira zina zambiri. Ofufuza amayesetsa kuchotsera zimenezi powerengera, koma sangazichotse zonse. Komanso kafukufukuyu ankanena za anthu amene sanadwale. Sananene kuti wodwala kale ataye mankhwala.

Phunziro la Fomu 3 limene taiwala

Timaphunzitsa ana kuti zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sizitanthauza kuti chimodzi chikuyambitsa chinzake. Mu 2012 dokotala wina, Franz Messerli, anajambula girafu m'magazini ya New England Journal of Medicine yosonyeza kuti mayiko odya chokoleti kwambiri ndiwonso ali ndi anthu ambiri opata mphotho ya Nobel, Switzerland ali pamwamba.  Koma mwana wa Fomu 3 atha kuona chachitatu chimene chabisala: chuma. Dziko lolemera limagula chokoleti chambiri, limamanganso mayunivesite ndi malabu. Ndikanajambula girafu ya nyumba za malata ndi ana okhoza MSCE m'boma lino, kodi mukanati malata amanola ubongo?

Ina ndi iyi. Mu 2015 mtolankhani wa sayansi John Bohannon ndi anzake ku Germany anachita dala kafukufuku wofooka ndi anthu 15 okha. Anayeza zinthu 18 zosiyanasiyana podziwa kuti ukayeza zambiri pa anthu ochepa, chimodzi chimaoneka ngati chasintha mwamwayi. Kenako analengeza kuti chokoleti chimachepetsa thupi. Nyuzipepala za m'mayiko ambiri zinalemba, kuphatikizapo Bild ya ku Germany. Patapita masabata angapo iye mwini anaulula kuti unali msampha woyesa atolankhani. Ngati akonzi a nyuzipepala zazikulu anakodwa, ife sitiyenera kuchita manyazi kuti tinakodwa. Manyazi ndi kukodwanso kachiwiri titauzidwa.

Uthenga uja sunanenenso za mbali ina. Mu December 2022 bungwe loyimira ogula ku America la Consumer Reports linayeza mitundu 28 ya chokoleti chakuda n'kupezamo mtovu ndi cadmium mu yonse. Pa mitundu 23, kudya magalamu pafupifupi 28 pa tsiku kukanapitirira malire okhwima amene boma la California limagwiritsa ntchito. Cadmium mtengo umayamwa m'nthaka, pamene mtovu umabwera ndi fumbi njere zikamayanikidwa. Popeza zimakhala mu ufa wakuda, chakuda ndicho chimanyamula zambiri. Sindikuopseza munthu wodya kamodzikamodzi. Ndikungoti chinthu chomwecho chimene akuchitcha mankhwala si choti mayi woyembekezera kapena mwana wamng'ono azidya m'mawa ndi madzulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene ena andiyankha kale

Mwana wanga wina wakale, amene tsopano ali pa ntchito yabwino ku Lilongwe, anandilembera kuti, "Sala, inu mwangozolowera za kumudzi. Anthu otsogola amadya dark." Mwana wanga, ndakumva. Koma ukunena za ulemu, osati za thanzi. Ngati ukudya chakuda kuti anzako a mu ofesi akuone kuti ndiwe wozindikira, idya, ndalama ndi zako. Usangouza amayi ako kumudzi kuti ndi mankhwala. Ndipo kukonda cha mkaka si umbuli. Lilime la munthu si satifiketi.

Wina anati, "Nanga chikuvuta n'chiyani, si chakudya basi?" Chikanakhala chakudya basi sindikanalemba. Chavuta n'chakuti chalowa m'malo mwa mapilitsi. BP ndi matenda osalankhula. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Munthu amamva bwinobwino mpaka tsiku limene wafa ziwalo mbali imodzi. Woteroyo ukamuuza kuti pali njira yokoma yosiyira mapilitsi, amva msanga chifukwa ndi zimene mtima wake ukufuna kumva.

Wachitatu anati, "Ndiye choyera ndi chachinyengo, eti?" Ayi. Ngati muli mafuta a koko enieni ndi chokoleti mwa lamulo, ndipo sichinanamizepo munthu kuti chimachiza. Ndi switi, ndipo chimadziwika kuti ndi switi. Pa zitatuzi, chimene anthu akuchinenera mabodza ndi chakuda.

Amalima ndani

Popeza ndife aphunzitsi, tisaiwale ana. Koko woposa theka la dziko lonse amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Mu 2001 makampani akuluakulu anasaina pangano lotchedwa Harkin-Engel Protocol, kulonjeza kuthetsa ntchito zoopsa za ana m'minda ya koko. Mu 2020 bungwe la NORC la pa University of Chicago linapeza kuti ana pafupifupi 1.56 miliyoni anali akugwirabe ntchito m'minda ya koko m'mayiko awiriwa, ambiri akugwira zikwanje ndi kusenza katundu wolemera. Ife amene timaona madesiki akuchepa anthu nthawi yokumba mbatata ya kachewere kumtunda kuno sitifunika kutanthauziridwa.

Mu 2024 mtengo wa koko pa msika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani kwa nthawi yoyamba, mbewu italephera ku West Africa chifukwa cha nyengo ndi matenda. Kuno kwathu kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu November 2023. Phatikizani ziwirizi muone chifukwa chimene kapepala kamodzi kanandiwawira m'thumba. Mlimi wa koko amalandira kagawo kochepa ka ndalama imeneyo, monga mmene mlimi wa manachesi wa kuno ndi ku Mwanza amagulitsira dengu lonse kwa venda, venda n'kukagulitsa asanuasanu m'tauni. Kumpoto kuli anthu amene ayamba kulima koko ndi kupanga chokoleti cha konkuno, monga Kwanza Cocoa ya ku Mzuzu. Amenewo ndimawalemekeza, ndipo ndikafuna kudzisangalatsa ndi bwino ndalama yanga ipite kwa iwo. Koma nachonso ndidzachidya ngati chokoma, osati ngati mankhwala.

Tili ndi chiyani kuno

Chimene chimandipweteka n'chakuti pa nkhani ya matenda amgonagona Neno si boma losiyidwa. Abwenzi Pa Za Umoyo, amene kunja amadziwika kuti Partners In Health, anayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuno mu 2007. Mu 2015 anakhazikitsa kiliniki yophatikiza, imene amaitcha IC3, yoti wa HIV, wa BP, wa shuga, wa mphumu ndi wa khunyu azionedwa pamalo amodzi, pachipatala chachikulu pa boma, ku Lisungwi ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Anthu a m'maboma ena amabwera kudzaphunzira kwa ife. Ndiye mphunzitsi wa kuno asiye zimenezi n'kumadalira katoni yochokera ku Joni?

Ngati tikufunadi kuteteza mitsempha yathu, mdani ali m'khitchini mwathu. Ndi mchere umene timathira ndiwo tisanalawe, chonsecho WHO imati tisafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi. Ndi masupuni anayi kapena asanu a shuga m'kapu ya tiyi. Ndaimvapo mu staff room nkhani yoti shuga wathu ali ndi vitamini A ndiye ndi wabwino. Inde, kuyambira 2012 shuga wa m'Malawi amathiridwa vitamini A, koma cholinga chinali kuthandiza amene akuperewera vitaminiyo, osati kutipatsa chilolezo chodzaza kapu. Mdani ndi zakumwa za m'mabotolo pa msonkhano uliwonse, tchipisi cha pa chiwaya tsiku ndi tsiku, fodya ndi mowa wa pa malipiro.

Ndipo flavanols amene tikuwathamangira sapezeka mu koko yekha. Alimonso mu tiyi wamba, yemwe uja wa ku Thyolo ndi Mulanje, bola tisamumize mu shuga. Tili ndi mtedza, nyemba, nandolo, mapeyala, magwafa, manachesi, masau, bwemba ndi malambe a kumunsi ku Lisungwi amene ana amangoponyerana. Palibe chimodzi mwa izi chimene ndi mankhwala a BP, musandimve molakwa n'kuyambitsa uthenga wina. Koma ndi zakudya zabwino, zotsika mtengo, ndipo sizisungunuka pa Zalewa.

Chigamulo changa

Pa kukoma, aliyense ndi lilime lake. Mu staff room mwathu cha mkaka chinapambana, ine ndinavotera chakuda, ndipo Madamu uja akufunsabe choyera. Pa thanzi, ngati muyenera kusankha, chakuda cha 70% kapena kuposa ndicho chabwinoko chifukwa shuga ndi wochepa ndipo koko ndi wambiri. Cha mkaka chikubwera pambuyo, choyera pomalizira. Koma kabwinoko ka switi sikamusandutsa mankhwala. Tizidutswa tiwiri mwa apo ndi apo, pa Khirisimasi, pa Valentine, kapena tsiku limene mwalandira malipiro, palibe tchimo. Wodwala shuga afunse kaye kuchipatala.

Aphunzitsi anzanga, ndili ndi pempho. Teremu ikubwerayi tolani mapepala a mabisiketi, a juwisi ndi a maswiti amene ana amataya pabwalo, mulowe nawo m'kalasi. Ana apeze magalamu a shuga, agawe ndi 4, alembe masupuni pa bolodi. Ndi Masamu, ndi Bayoloje, ndi Chingerezi pa phunziro limodzi, ndipo simufunika labu. Ine ndayesa ndi Fomu 2, ndipo mtsikana wina anafunsa kuti n'chifukwa chiyani zilembo zofunikazo amazilemba zing'onozing'ono. Funso limenelo lokha linandikwanira tsiku lonse. Ndipo uthenga wa zaumoyo ukafika pa foni, tifunse mafunso atatu tisanautumize: wanena ndani, anayesa pa anthu angati, ndipo apindula ndani ndikakhulupirira? Safunsa anadya phula.

Inu ana anga amene muli kunja, ndikudziwa kuti mumatumiza zinthuzi chifukwa mumakonda makolo anu. Pitirizani kutumiza, ifenso aphunzitsi anu sitikana. Koma ngati bambo kapena mayi ali ndi BP, ikani patsogolo ndalama ya kabaza yopitira ku kiliniki, kapena kamakina koyezera BP kunyumba. Mukaimba foni afunseni ngati amwa mapilitsi a lero ndi tsiku limene akubwereranso kwa adokotala. Chokoleti chibwere pambuyo pa zimenezo, ndipo muwauze kuti ndi switi.

Mnzathu uja wabwerera pa mapilitsi ake. Katoni yotsala anaibweretsa kusukulu ndipo tikumuthandiza kuimaliza pa buleki, kachidutswa kamodzi aliyense. Wa Masamu uja mpaka lero sakufuna kulawanso. Amene sakugwirizana nane andipeze mu staff room Lachisanu, koma abwere ndi dzina la dokotala uja.